Chigayo, Mbaula ndi Simenti: Mmene Zinthu Zimasinthira

Msika wa Soweto, umene uli chakumadzulo kwa pakati pa mzinda wa Lusaka, kuseri kwa msewu wa Lumumba, ndi kumene kumafikira gawo lalikulu la chakudya cha anthu a mumzindawu, ndipo katundu amene amatsitsidwa kumeneko mbandakucha, kuchokera kuminda ya ku Chongwe, Chibombo, Mumbwa ndi Mkushi, safika kwa wogula wa ku Kabwata kapena ku Chelstone ali monga anachokera kumunda. Matimati amene anathyoledwa ali obiriwira amakhala atafiira, madzi oundana amene anaikidwa pa nsomba amakhala atasungunuka, chimanga chimakhala chitagayidwa, ndipo masamba amene sanagulidwe dzulo amakhala atayamba kununkha pamulu wa zinyalala. Kwa wamalonda zonsezi ndi nkhani ya phindu ndi kuluza, koma kemisitiri, imene ndi nthambi ya sayansi yofufuza zimene zinthu zinapangidwa nazo ndi mmene zimasinthira, imagawa kusintha konseku m'mitundu iwiri, ndipo pogawapo imafunsa funso limodzi lokha: kodi kusinthako kukatha, pali chinthu chatsopano chimene poyamba panalibe?

Yankho la funsoli lagona pa tinthu tosaoneka. Chinthu chilichonse chimene chili ndi kulemera ndiponso chimatenga malo, kaya ndi mwala, madzi kapena mpweya, chinapangidwa ndi tizidutswa tating'ono kwambiri totchedwa maatomu, timene sitingaoneke ngakhale ndi makina amene a chipatala amaonera tizilombo ta malungo m'magazi. Mitundu ya maatomu imene ikudziwika lero ndi 118, ndipo ina mwa iyo, monga ayironi wa m'chitsulo, mkuwa, kaboni wa m'makala ndi okosijeni wa mumpweya umene anthu amapuma, ili m'zinthu zimene aliyense amagwira tsiku ndi tsiku. Kawirikawiri maatomu sakhala paokhapaokha koma amagwirana m'timagulu totchedwa mamolekyu, moti molekyu imodzi ya madzi ili ndi maatomu awiri a haidrojeni ndi atomu imodzi ya okosijeni, ndipo chiwerengero chimenechi n'chimodzimodzi mumtsinje wa Kafue ndi m'nyanja ya Malawi. Mphunzitsi wa ku England, John Dalton, anayala ganizoli momveka m'buku lake la 1808, mmene anafotokoza kuti zinthu zikamasintha maatomu satha ndipo salengedwa mwatsopano, koma amangosiya anzawo ena n'kugwirana ndi ena. Choncho pamene chinthu chasintha kukula, kaumbidwe kapena kalimbidwe, koma timagulu ta maatomu ake tikadali momwe tinalili, kumeneko ndi kusintha kwa maonekedwe; pamene timaguluto tasweka ndipo maatomu agwirana mwa njira ina n'kupanga chinthu cha khalidwe lina, kumeneko ndi kusandulika, kumene m'makalasi a sayansi kumatchedwa chemical reaction.

Pamene chinthu chikadali chomwecho

Kusintha kwa maonekedwe n'kosavuta kukutsata. Madzi oundana amasungunuka dzuwa likakwera, ndipo madzi omwewo akaikidwa pamoto amawira n'kukwera ngati nthunzi, koma molekyu ndi yomwe ija m'mikhalidwe yonse itatu. Kusiyana kwake n'kwakuti m'madzi oundana mamolekyu amakhala ataima m'mizere, m'madzi wamba amayenda mokhulana, pamene mu nthunzi amabalalika motalikirana. Madzi amaundana pa madigiri 0 ndipo m'mphepete mwa nyanja yamchere amawira pa madigiri 100, koma ku Lusaka, kumene kuli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, amawira pa madigiri pafupifupi 96, popeza mpweya umene umapsinja pamwamba pa madziwo ndi wopepukirapo. Mmisiri wa ku Kabwata Cultural Village amene amasema mvuu kuchokera ku chipika cha mlombwa amasiya pansi tizidutswa timene tikadali mlombwa, ndipo wosula mbaula amadula, amaboola ndi kupinda chitsulo chakale popanda kuchisandutsa chinthu china.

Mabuku ambiri a kusukulu amaphunzitsa kuti kusintha kwa maonekedwe kumabwezeka pamene kusandulika sikubwezeka, ndipo lamulo limeneli, ngakhale kuti ndi losavuta kuloweza, limagwa pakhomo pa chigayo. Chimanga chikagayidwa palibe munthu amene angabwezere ufawo kuti ukhalenso maso a chimanga, komabe sitachi, amene ndi chakudya chopatsa mphamvu chodzaza m'diso lililonse la chimanga, amakhala yemweyo mu ufa monga analili m'diso, ndipo kusiyana kwa ufa woyera wa breakfast ndi wa roller meal kumabwera chifukwa cha kuchuluka kwa gaga amene wapatulidwa, osati chifukwa choti chigayo chabala chinthu chatsopano. Kumbali inayo kuli batire. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi m'damu la Kariba, magetsi ankazima maola ambiri patsiku, ndipo nyumba zambiri za ku Woodlands ndi ku Kabulonga zinkadalira mabatire otchaja. Mkati mwa batire la mtovu, mtovuwo ndi asidi zimasandulika zinthu zina pamene batire likupereka mphamvu, ndipo zimabwerera mwakale magetsi akabwera. Kumeneko ndi kusandulika kwenikweni, koma kumabwezeka tsiku lililonse. Kubwezeka kapena kusabwezeka sikuweruza mlandu.

Zizindikiro ndi malire ake

Popeza maatomu saoneka, munthu amazindikira kusandulika kudzera m'zizindikiro, ndipo zodziwika kwambiri ndi kutuluka kwa mpweya, kusintha kwa mtundu, fungo latsopano, kutentha kapena kuwala kochokera m'zinthu zomwezo, ndi kuoneka kwa zolimba m'madzi amene anali oyera. Zizindikirozi zili ngati mboni pabwalo la mfumu: iliyonse imamvedwa, koma mlandu sugamulidwa pa mawu a mboni imodzi.

Soda wophikira, amene amagulitsidwa m'timapaketi pafupi ndi mulu wa therere, limene ku Lusaka amati delele, akathiridwa madzi a mandimu kapena viniga amachita thovu nthawi yomweyo, ndipo thovulo ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi, umene munalibe m'mandimu ndipo sunali mpweya mu soda, koma wabadwa pamene asidi wa m'mandimu waswa timagulu ta soda. Mpweya womwewo ndi umene umatupitsa ufa wokandidwa wa vitumbuwa, pamene yisiti, amene ndi tizamoyo tating'ono, akudya shuga. Koma botolo la chakumwa choziziritsa kukhosi likatsekulidwa nalonso limachita thovu la mpweya womwewo, ndipo pamenepo mpweyawo unapopedwamo kale kufakitale, ukungothawa chifukwa chotsekera chachoka. Madzi owira nawonso amabwadamuka popanda kubala chilichonse chatsopano. Soda uja, kapena chidulo chimene amayi akumudzi amatcheza kuchokera ku phulusa, amafewetsa ndiwo zamasamba msanga chifukwa amaswa zomangira za m'masambawo, koma mphamvu yomweyo imawononganso vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B, ndipo ichi n'chifukwa chake a zaumoyo amalangiza kuti azithiridwa pang'ono.

Mtundu ndi mboni imene imakhulupiriridwa msanga kuposa zonse. Matimati akamapsa, chinthu chobiriwira cha m'khungu lake chimaphwasuka ndipo chofiira chimapangidwa m'malo mwake, ntchito imene imafulumizidwa ndi mpweya wotchedwa ethylene, umene zipatso zakupsa zimatulutsa zokha. Ndi chifukwa chake nthochi zosapsa zikavundikiridwa pamodzi ndi zakupsa zimapsa mofulumira, ndiponso bokosi la matimati likayamba kupsa limapsa lonse wamalonda asanagulitse theka. Impwa kapena mbatata ya kachewere ikadulidwa imada m'mphindi zochepa chifukwa zinthu za mkati mwake zakumana ndi okosijeni, ndipo ikamizidwa m'madzi imachedwa kuda popeza madziwo atsekereza mpweya. Chovala cha salaula chimene chapachikidwa padzuwa kwa milungu chimasuluka chifukwa kuwala kwaswa mamolekyu a utoto. Komabe madzi akathiridwa chakumwa cha malalanje chosungunula amasintha mtundu popanda kusandulika kulikonse. Fungo nalonso limanena zoona nsomba ikawola, popeza tizilombo taphwasula mnofu wake n'kupanga zinthu zonunkha zimene munalibe, koma fungo la parafini limangotanthauza kuti gawo lina la parafini yemweyo lakwera mumpweya.

Kutentha kochokera mkati mwa zinthu ndi mboni yolimbirapo, ndipo chitsanzo chake chachikulu ndi moto, umene ndi kugwirana kofulumira kwa chinthu choyaka ndi okosijeni. Moto umafuna zinthu zitatu, choyaka, okosijeni ndi kutentha koyambitsira, ndipo ukangoyamba umadzipatsa wokha kutentha kopitirizira, monga zinaonekera pa 4 Julaye 2017, pamene City Market, msika woyandikana ndi Soweto, unapsa ndipo amalonda ambiri anataya katundu wawo yense. Kuzimitsa moto ndi kuchotsa chimodzi mwa zitatuzo: madzi amachotsa kutentha, mchenga kapena chivundikiro chimatsekereza mpweya. Wokazinga vitumbuwa kapena tchipisi amene mafuta ake agwira moto sayenera kuthirapo madzi, chifukwa madziwo amamira pansi pa mafuta, amawira m'kanthawi kochepa n'kukhala nthunzi yochuluka, ndipo nthunziyo imamwaza mafuta oyaka pa anthu ndi pa katundu. Chofunika ndi kuvundikira chiwaya.

Mboni yomaliza, yoti zolimba zaoneka m'madzi, imaonekera mkaka ukasasa n'kuchita zibuluma, komanso m'malo oyeretsera madzi a mumtsinje, mmene mankhwala otchedwa alum amathiridwa m'madzi amatope n'kupanga tizibuluma timene timagwira dothi n'kudikha nalo pansi. Koma madzi amatope akangosiyidwa mundowa usiku wonse nawonso amadikha, ndipo dothilo linalimo kale. Pa chizindikiro chilichonse funso limabwerera pomwe paja, loti chimene chaonekacho chinalipo kale kapena changobadwa kumene.

Mwala umene Lusaka anamangidwapo

Gawo lalikulu la mzinda wa Lusaka lili pa thanthwe la mwala wa laimu, umene anthu a ku Misisi ndi ku Kanyama amauphwanya ndi nyundo n'kumaugulitsa m'milu m'mbali mwa msewu. Kuphwanyako ndi kusintha kwa maonekedwe chabe, koma mwala umenewu, umene mbali yake yaikulu ndi kashiamu wogwirana ndi kaboni ndi okosijeni, pamodzi ndi maginiziyamu m'malo ena, umaonetsa kusandulika kwa mitundu yambiri kuposa chinthu china chilichonse cha mumzindawu. Madzi a mvula, amene amatenga kaboni dayokisaidi mumpweya ndi m'nthaka, amakhala ndi asidi wofooka, ndipo pa zaka zikwizikwi asidiyo wakhala akudya thanthwelo n'kusiya ming'alu ndi mapanga pansi pa nthaka. Kashiamu amene wadyedwayo amayenda ndi madzi osaoneka, n'kukatuluka m'mijigo ndi m'zitsime za ku Chelstone ndi madera ena. Madzi otere sachita thovu la sopo mokwanira, ndipo akawiritsidwa m'ketulo kashiamu uja amabwerera kukhala mwala, umene umamatirira pansi pa ketuloyo ngati chikhungu choyera cholimba. Ambiri amachikanda ndi mpeni poganiza kuti ndi dothi, koma viniga akathiridwamo chikhungucho chimachita thovu pang'onopang'ono mpaka kutheratu, ndipo thovulo ndi umboni woti chinali mwala wa laimu, womwe uja umene mzindawu unamangidwapo.

Mwala wa laimu ukawotchedwa mung'anjo pa madigiri pafupifupi 900 umataya mpweya n'kusiya laimu wamoto, chinthu choyera chimene chimawotcha khungu. Dokotala wa ku Scotland, Joseph Black, anasonyeza mu 1756 kuti kupepuka kwa mwalawo kumachitika chifukwa cha mpweya umene unali womangika mkati mwake, ndipo masamu ake masiku ano ndi odziwika bwino: makilogalamu 100 a mwala wopanda zosakaniza amapereka makilogalamu 56 a laimu ndi makilogalamu 44 a kaboni dayokisaidi. Laimu wamotoyo akathiridwa madzi ozizira amatentha mpaka madziwo kuwira popanda nkhuni, n'kukhala njereza yopakira makoma. Njereza ikangopakidwa imaoneka yotuwa ndi yofooka, koma pakapita masiku imayera mbee ndi kulimba, osati chifukwa cha kuuma kokha, koma chifukwa yakokanso kaboni dayokisaidi mumpweya n'kubwerera kukhala mwala wa laimu. Chinthucho chasandulika katatu ndipo chafika pamene chinayambira.

Fakitale ya simenti ya ku Chilanga, kumwera kwa Lusaka pamsewu wa ku Kafue, inakhazikitsidwa mu 1949 pafupi ndi miyala yomweyi, ndipo simenti yake inagwiritsidwa ntchito pomanga damu la Kariba, limene linatha mu 1959. Popanga simenti, mwala wa laimu umaperedwa pamodzi ndi dongo n'kuwotchedwa pa madigiri pafupifupi 1,450, kutentha kumene kumachititsa kashiamu kugwirana ndi zinthu za m'dongo n'kupanga timiyala tatsopano, timene timaperedwanso kukhala ufa wotuwa uja. Pamenepa pali kusamvetsa kumene kumawonongetsa ndalama za anthu ambiri. Kalankhulidwe wamba kamati simenti ikuuma, ngati kuti kulimba kwake kumabwera madzi akachoka, pamene zoona zake n'zakuti simenti imalimba chifukwa madzi alowa m'thupi mwake n'kugwirana ndi ufawo, kupanga tinsinga tolimba tolukanalukana timene timamanga mchenga ndi miyala pamodzi. Konkire imalimba ngakhale pansi pa madzi, ndipo khoma lalikulu la konkire limafunda lokha pamene ntchitoyi ikuchitika. Oumba mabuloko amene amawathirira m'mawa ndi madzulo ndi kuwafunditsa masaka amadziwa ntchito yawo. Amene amawayanika padzuwa la Okutobala kuti agulitse mawa lake amagulitsa mabuloko amene kusandulika kwake kunaima panjira, ndipo wogula amazindikira zimenezi ngodya zake zikamanyenyeka m'manja. Akatswiri a zomangamanga amayeza mphamvu ya konkire pakatha masiku 28. Thumba la simenti limene lagona pachinyontho n'kulimba silingabwezedwe mwa kulipera, popeza ufa umene ungatuluke ndi chinthu china kale.

Kulemera sikutayika

Makala amene amalowa mu Lusaka pa malole ndi pa njinga, kuchokera ku nkhalango za mombo ndi mtondo za ku Rufunsa, Chongwe ndi Mumbwa, ndi mtengo umene wasandulika. Wowotcha makala amaunjika zipika, amazikwirira ndi dothi, ndipo amasiya timabowo tochepa kuti mpweya uzilowa mopereweza. Kutentha kumathamangitsa madzi, phula ndi mipweya ina, n'kusiya chinthu chakuda chimene mbali yake yaikulu ndi kaboni. Mu uvuni wa dothi wotere, makala amene amatuluka kawirikawiri sapitirira gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa mitengo imene inalowa, ndipo chiwerengero chimenechi chokha chikufotokoza mmene nkhalango zozungulira mzindawu zikutheramo. Makalawo akayaka pambaula amasiya phulusa la m'dzanja limodzi, moti maso amaona ngati thumba lonse lazimiririka.

Amene anatsutsa maganizo amenewa ndi sikelo m'manja anali Antoine Lavoisier wa ku France, amene ankawotcha zinthu m'mabotolo otsekedwa n'kumayeza kulemera kwake poyamba ndi pomaliza, ndipo m'buku lake la 1789 analemba lamulo loti kulemera kwa zonse zimene zalowa m'kusandulika kumafanana ndi kulemera kwa zonse zimene zatuluka. Makilogalamu 12 a kaboni akayaka bwino amagwirana ndi makilogalamu 32 a okosijeni n'kupanga makilogalamu 44 a kaboni dayokisaidi, kutanthauza kuti mpweya umene mbaula imatulutsa ndi wolemera kuposa makala amene anaikidwamo. Palibe chimene chatayika. Changochoka pamene maso amaona. Lavoisier anadulidwa mutu mu 1794 pa nthawi ya chipwirikiti cha ndale cha m'dziko lake, chifukwa cha ntchito yake yotolera misonkho, koma lamulo lakelo ndi limene mpaka lero limagwiritsidwa ntchito powerengera zolowa ndi zotuluka m'fakitale iliyonse ya simenti, feteleza kapena yoyenga mkuwa.

Dzimbiri limaonetsa lamulo lomweli kuchokera kumbali ina, chifukwa apa mpweya ndi umene ukulowa m'chinthu cholimba. Chitsulo chikakhala pamene pali madzi ndi okosijeni, monga mawilibala ndi malata a m'misika pa nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ayironi amagwirana ndi okosijeni pang'onopang'ono n'kupanga chinthu chofiirira chonyenyeka, ndipo dzimbiri lonse la msomali likanasonkhanitsidwa likanalemera kuposa msomali umene unalipo. Penti ndi girisi zimateteza mwa kutsekereza madzi ndi mpweya, pamene malata amakutidwa ndi zinki, chitsulo chimene chimadyeka m'malo mwa ayironi, ndipo malata amayamba kuchita dzimbiri zinki uja akatha.

Mumphika ndi mumtsuko

Si kusintha kulikonse kumene kumalola kuikidwa mbali imodzi. Ufa ukathiridwa m'madzi otentha, timibulu ta sitachi timamwa madzi, timatupa ndi kuphulika, ndipo phala limalimba kukhala nsima. Mamolekyu a sitachi ambiri amakhala asanasweke, choncho gawo lalikulu la kusinthaku ndi la maonekedwe, ngakhale kuti nsima singabwererenso kukhala ufa. Koma nkhoko zofiirira za pansi pa mphika ndi nkhani ina, popeza pamenepo kutentha kwachititsa shuga kugwirana ndi zomanga thupi n'kubala mtundu ndi fungo zatsopano, kusandulika kumene Louis-Camille Maillard wa ku France anakufotokoza mu 1912, ndipo n'komwe kumafiiritsa vitumbuwa, buledi ndi nyama yowotcha.

Munkoyo, chakumwa chimene chimagulitsidwa m'mabotolo ndi m'zidebe m'misika ya mu Lusaka, umaonetsa kusandulika poyera. Mizu ya munkoyo yosinja ikaikidwa m'phala la chimanga lofunda, phala lolimbalo limasungunuka ndipo limayamba kutsekemera popanda shuga wothira, chifukwa m'mizuyo muli maenzayimu, zinthu zimene zimafulumizitsa kusandulika koma zosatha nako, ndipo amenewa amadula mamolekyu aatali a sitachi kukhala shuga. Chimera chimagwira ntchito yomweyo mu thobwa. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri tizilombo tabwino timadya gawo la shugayo n'kupanga asidi wowawasa, yemwe uja wa mumkaka wosasa, ntchito imene Louis Pasteur anasonyeza mu 1857 kuti imachitidwa ndi tizamoyo. Kachasu amaphatikiza mitundu yonse iwiri motsatizana: kuwira kwa zosakaniza mumgolo kwa masiku angapo, pamene yisiti akusandutsa shuga kukhala mowa, ndi kusandulika, koma kutcheza, pamene mowawo, umene umawira pa madigiri 78, umakwera ngati nthunzi madzi ambiri asanakwere n'kukazizira mumpope, ndi kupatula chabe zinthu zimene zilipo kale. Kutcheza sikupanga mowa ngakhale dontho limodzi.

Kusandulika kopanda chizindikiro

Kusandulika kumene kumakhudza moyo wa anthu kwambiri nthawi zambiri sikuitana mboni iliyonse. Ming'alu ija ya m'thanthwe la laimu imalola madzi a m'zimbudzi zokumba kuyenda msanga pansi pa nthaka mpaka kukafika m'zitsime zosaya, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene kolera imabwererabwerera m'makomboni monga Kanyama. Mliri umene unayamba mu Okutobala 2017 unachititsa boma kutumiza asilikali kukayeretsa misika ndi kuchotsa ogulitsa m'misewu, ndipo wa 2023 mpaka 2024 unakula moti bwalo la National Heroes linasandutsidwa malo ochiritsira odwala. Chida chachikulu pa nthawi zonse ziwirizi chinali kolorini, amene akathiridwa m'madzi amaswa zomangira za thupi la tizilombo n'kutipha. Madzi amene athiridwa kolorini ndi amene sanathiridwe amaoneka chimodzimodzi m'chidebe, ndipo ntchitoyo imafuna nthawi, n'chifukwa chake malangizo amati madziwo adikire mphindi 30 asanamwedwe. Pofuna kutsimikiza, ogwira ntchito zaumoyo amaponya kambulu ka mankhwala oyezera m'kabotolo ka madziwo, ndipo ngati kolorini akadalimo madziwo amafiirira pang'ono. Apa kusandulika kumodzi kooneka kukugwiritsidwa ntchito pochitira umboni kusandulika kwina kosaoneka, ndipo mmenemu ndi mmene ma labotale ambiri amagwirira ntchito. Kolorini yemweyo ndi woopsa akasokonezedwa: mankhwala oyeretsera zovala onga Jik akasakanizidwa ndi mankhwala a asidi otsukira chimbudzi amatulutsa mpweya wa kolorini, umene umawotcha maso ndi mapapo.

Choopsa kuposa zonsezi chili pambaula. Makala akamayaka pabwalo, pamene okosijeni ndi wokwanira, kawirikawiri atomu ya kaboni imagwirana ndi maatomu awiri a okosijeni. M'chipinda chotseka zitseko ndi mawindo okosijeni amachepa, ndipo kaboni wambiri amagwirana ndi atomu imodzi yokha n'kupanga kaboni monokisaidi, mpweya wopanda mtundu, wopanda fungo, umene sutsokomoletsa ndipo suwawa m'maso. Mpweya umenewu ukalowa m'mapapo umagwirana ndi chinthu chofiira cha m'magazi, chimene ntchito yake ndi kunyamula okosijeni, ndipo umachigwira mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, moti magazi amayenda m'thupi ali opanda chimene ubongo ndi mtima zikufuna. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi mseru, kenaka kufooka ndi tulo, ndipo amene anagona kale sadzuka kuti amve chilichonse. Chikhulupiriro choti mbaula ikasiya kufuka utsi ndipo makala afiira psuu ndiye kuti yakhala yabwino kuilowetsa m'nyumba n'cholakwika, chifukwa utsi ndi kaboni monokisaidi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo makala ofiira opanda utsi amatulutsabe mpweyawo mpaka atazimiratu. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, makamaka magetsi akazima, mbaula iyenera kutulutsidwa panja anthu asanagone, ndipo aliyense amene wapezeka wofooka m'chipinda mmene munali makala atulutsidwire pamphepo nthawi yomweyo n'kutengeredwa kuchipatala, ngakhale atanena kuti wayamba kupeza bwino.